Kayendetsedwe ka Chisankho cha Bodi ya Bungwe la Ophunzira Akale a pa Yunivesite

Mamembala a bungwe la anthu omwe anamaliza maphunziro awo pa yunivesite sakhala pamalo amodzi. Ena ali m'mizinda yakutali, ena ali kunja kwa dziko, ena analandira madigiri awo zaka 40 zapitazo pomwe ena alandira chaka chathachi, ndipo ambiri mwa iwo sadziwana n'komwe. Anthu otere akamasankha bodi yoti iwatsogolere sakhala ndi mwayi woona ndi maso awo momwe zinthu zayendera, choncho chomwe amadalira ndi ndondomeko. N'chifukwa chake ntchito yaikulu ya chisankho iyenera kugwiridwa tsiku lovota lisanafike, makamaka dzina la wopikisana aliyense lisanadziwike. Lamulo lomwe lakhazikitsidwa opikisana atadziwika kale, ngakhale likhale labwino chotani, wina adzaliona ngati msampha womwe atchera iyeyo.

Yambani ndi malamulo oyendetsera bungwe

Musanachite china chilichonse, werengani malamulo oyendetsera bungwe lanu ndime ndi ndime, ndipo mulembe pambali zomwe akunena pa nkhani ya chisankho. Muyenera kupeza yankho la mafunso awa: mipando ya bodi ilipo ingati, munthu amakhala pampando zaka zingati, angaimenso kangati, ndani ali ndi ufulu wovota, ndani angapikisane nawo, chidziwitso chiperekedwe masiku angati chisankho chisanachitike, komanso pamafunika anthu angati kuti msonkhano waukulu ukhale wovomerezeka. Ngati bungwe lanu linalembetsedwa ku boma, onaninso zomwe malamulo a dziko lanu amanena zokhudza mabungwe a mtundu umenewo, pakuti malamulo anu sangapose amenewo. Pomwe malamulo anu sakunenapo kanthu, lembani ndondomeko yapadera ya chisankho n'kuipereka ku msonkhano waukulu wa mamembala kuti uivomereze. Bodi yomwe ikutuluka isadzilembere yokha ndondomekoyi, chifukwa ena mwa mamembala ake angafune kuimanso.

Pali mfundo ziwiri zofunika kuziganizira mofatsa pa nthawi imeneyi. Yoyamba ndi yakuti bodi yonse isamatuluke nthawi imodzi. Pa yunivesite ya Harvard ku America, bodi yotchedwa Board of Overseers ili ndi mamembala 30 osankhidwa ndi omwe anaphunzira pasukuluyo. Aliyense amakhala pampando zaka 6, ndipo chaka chilichonse amasankha anthu 5. Bungwe laling'ono lingathe kutengerapo nzeru: bodi ya anthu 9 okhala pampando zaka 3 ikhoza kumasankha anthu 3 chaka ndi chaka, kotero kuti nthawi zonse pamakhala ena odziwa pomwe ntchito inalekezera. Mfundo yachiwiri ndi ya maudindo. Mabungwe ena amavotera wapampando, mlembi ndi msungichuma mwachindunji, pomwe ena amangosankha mamembala a bodi, iwowo n'kugawana maudindo pa msonkhano wawo woyamba. Njira yachiwiriyi imachepetsa mikangano m'bodi, koma ine ndimaona kuti mpando wa wapampando ndi wa msungichuma ndi wofunika kuti mamembala onse aikepo mlomo, popeza ndi anthu awiriwa omwe amayankhula m'malo mwa bungwe ndi kugwira ndalama zake.

Khazikitsani komiti yoyendetsa chisankho

Sankhani anthu 3 kapena 5, chiwerengero chosagawika pakati, kuti akasiyana maganizo chigamulo chipezeke. Akhale anthu omwe sakupikisana nawo, omwe alonjeza polemba kuti sadzakopera anthu wopikisana aliyense, ndipo aliyense aulule ngati pali wachibale kapena mnzake wa pa malonda yemwe angadzaime. Ndi bwino kuti asankhidwe ndi msonkhano waukulu, ndipo achokere m'zaka zosiyanasiyana zomalizira maphunziro. Mmodzi mwa iwo akhale mkulu woyendetsa chisankho, yemwe ndi yekhayo wolengeza zinthu m'dzina la komiti. Ogwira ntchito mu ofesi ya yunivesite yoona za ophunzira akale angathandize ndi mabuku ndi zipangizo, koma asakhale opereka zigamulo, chifukwa bodi yomwe ikusankhidwayo nthawi zina idzafunika kutsutsana ndi akuluakulu a yunivesiteyo. Ndalama zoyendetsera chisankho zivomerezedwe ndi kupatulidwa pachiyambi pomwe, kuti komiti isamakapemphe kwa anthu omwe ikuwayang'anira.

Konzani kaundula wa ovota

Apa ndi pomwe zisankho zambiri za mabungwe otere zimasokonekera, ndipo ndi pofunika kutherapo nthawi yochuluka kuposa pena paliponse. Funso lakuti wophunzira wakale ndani limaoneka lophweka mpaka mutayamba kuliyankha. Kodi yemwe analandira dipuloma kapena satifiketi ali ndi ufulu wofanana ndi wa digiri? Nanga yemwe anaphunzira zaka ziwiri n'kusiyira panjira? Nanga olandira madigiri aulemu, kapena aphunzitsi a pa yunivesiteyo omwe anaphunzira kwina? Nanga omwe anamaliza pa koleji yomwe kale inali nthambi ya yunivesiteyo koma tsopano inaima payokha? Yankho lililonse lingakhale labwino malinga ngati lalembedwa ndi kuvomerezedwa nthawi ikadalipo.

Mukagwirizana za amenewa, pemphani ku ofesi yosunga mabuku a ophunzira mndandanda wa onse omwe anamaliza maphunziro, ndipo muufananize ndi buku la mamembala a bungwe. Poyeretsa kaundula musadalire dzina lokha ayi. Munthu yemwe anachita digiri yoyamba kenako n'kudzachitanso yachiwiri pa yunivesite yomweyo amapezeka kawiri, kawirikawiri ndi manambala awiri osiyana. Wina anasintha dzina la bambo atalowa m'banja, kotero kuti pa satifiketi pali dzina lina, pa chiphaso cha umembala pali lina. Palinso anthu awiri osiyana a dzina limodzi, ndi ena omwe anatisiya koma mayina awo sanafufutidwe. Njira yodalirika ndi kuyang'ana zinthu zitatu pamodzi: nambala yomwe munthu analembetsera pasukulu, chaka chomwe anamaliza, ndi maphunziro omwe anachita. Aliyense apatsidwe nambala imodzi yokha ya wovota.

Ngati malamulo anu amanena kuti wovota akhale yemwe analipira ndalama ya umembala, ikani tsiku lomaliza kulipira, ndipo likhale tsiku loyamba kulandira mayina a opikisana lisanafike. Mukapanda kutero, wopikisana wa thumba lolemera adzalipirira anzake ambirimbiri usiku woti mawa ndi chisankho, ndipo ngakhale sanaphwanye lamulo lililonse lolembedwa, aliyense adzadziwa kuti mpandowo wagulidwa.

Kaundula woyamba akatha, muikeni poyera kwa masiku osachepera 14 kuti mamembala aone ngati mayina awo alimo ndi kukonzetsa zolakwika. Poyerapo muike dzina, chaka ndi nthambi ya maphunziro basi. Manambala a foni ndi ma adiresi a imelo ndi zinsinsi za eni ake, ndipo m'maiko ambiri kuwaulutsa popanda chilolezo ndi kuphwanya malamulo. Nthawi ya madandaulo ikatha, komiti itseke kaundula, isainire tsamba lililonse kapena isunge kope lomwe silingasinthidwe, ndipo ilengeze chiwerengero cha ovota onse. Kuyambira pamenepo dzina lisaonjezedwe, ngakhale likhale la munthu wolemekezeka chotani.

Lengezani masiku ndi kulandira mayina

Kalendala yonse ilengezedwe nthawi imodzi. Miyezi itatu imakwanira bwino: mwezi woyamba wa kaundula, masabata atatu olandira ndi kuunika mayina, masabata atatu okopa anthu, kenako kuvota. Chidziwitso chitumizidwe kudzera m'njira zingapo, monga imelo, uthenga wa pafoni, tsamba la bungwe la pa intaneti ndi atsogoleri a nthambi, poti omwe anamaliza kale kwambiri ndi omwe amaliza posachedwa sapezeka malo amodzi.

Fomu yoperekera dzina ikhale yaifupi: dzina la wopikisana, mpando womwe akufuna, siginecha yake yosonyeza kuti wavomera, ndi masiginecha a mamembala omwe akumuvomereza. Chiwerengero cha omuvomerezawa chisakhale chachikulu mopitirira muyeso. Anthu 5 kapena 10 ndi okwanira kusonyeza kuti munthuyo sakungodziimika yekha. Mabungwe ena amakhala ndi komiti yofufuza anthu oyenera n'kupereka mayina awo. Zimenezi zimathandiza kupeza anthu aluso omwe sakanadzipereka okha, komabe khomo lina likhale lotsegula loti membala aliyense athe kulowa pa mpikisano posonkhanitsa masiginecha, apo ayi bodi imasanduka kagulu kongosiyirana mipando. Pounika mafomu, komiti iyang'ane zokhazo zomwe malamulo atchula, osati kuti munthuyo imamukonda kapena ayi. Yemwe wakanidwa auzidwe chifukwa chake polemba, ndipo apatsidwe masiku angapo oti akonze cholakwika chaching'ono kapena achite apilo. Pamene opikisana ali ochepa kapena ofanana ndi mipando, tsatirani zomwe munagwirizana kale: kuwalengeza kuti adutsa popanda wopikisana nawo, kapena kuwavotera kuti inde kapena ayi.

Sankhani kawerengedwe ka mavoti

Ngakhale ndikuifotokoza pano, nkhaniyi iyenera kukhala italembedwa kale mu ndondomeko ya chisankho. Pa mpando wa munthu mmodzi, monga wa wapampando, njira yodziwika ndi yakuti yemwe wapeza mavoti ambiri wapambana. Vuto lake ndi lakuti opikisana akakhala 4 kapena 5, munthu angathe kupambana ndi mavoti osafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu. Mungathe kupewa zimenezi pochita chisankho chachibwereza pakati pa awiri otsogola, kapena popempha ovota kuti asanje mayina polemba 1, 2, 3 motsatira momwe akuwafunira. Wotsalira kwambiri amachotsedwa, mavoti ake n'kupita kwa yemwe wovota aliyense anamuika pachiwiri, mpaka wina atapitirira theka.

Pa mipando ingapo ya mamembala wamba a bodi m'pofunika kusamala kwambiri. Mabungwe ambiri amangouza wovota kuti achonge mayina 5 ngati mipando ili 5. Taganizirani chitsanzo ichi: avota ndi anthu 600, ndipo 320 mwa iwo, mwina a nthambi imodzi yaikulu ya maphunziro, agwirizana kuchonga mayina 5 omwewo. Gulu limeneli litenga mipando yonse, pomwe anthu 280 otsalawo sakhala ndi wowaimira ngakhale mmodzi. Njira yotchedwa STV (Single Transferable Vote, kutanthauza voti imodzi yotha kusamuka), yomwe Carl Andræ wa ku Denmark anaikonza mu 1855 ndipo Thomas Hare wa ku England anailongosola mu 1857, inapangidwa pofuna kuthetsa vuto lomweli, ndipo maiko a Ireland ndi Malta amaigwiritsa ntchito posankha aphungu awo. Wovota amasanja mayina ndi manambala. Kenako owerengera amapeza mlingo wa mavoti wofunika kuti munthu apambane: amagawa mavoti onse abwino ndi chiwerengero cha mipando ataonjezerapo 1, ndipo pa yankholo amaonjezeranso 1. Mu chitsanzo chathu, 600 kugawa ndi 6 ndi 100, kuonjezera 1 ndi 101. Aliyense wofika 101 wapambana, mavoti ake otsala pamwamba pa 101 amasamukira kwa otsatira pa kusanja kuja, ndipo otsalira kwambiri amachotsedwa mmodzimmodzi mpaka mipando itadzaza. Mwa njira imeneyi gulu la anthu 320 likhoza kupeza mipando 3, la anthu 280 n'kupeza 2. Kuwerengera kwake ndi kovuta pamanja ndipo kasamutsidwe ka mavoti otsala kali ndi njira zingapo, choncho lembani momveka yomwe mudzatsate, ndipo muiyeseze ndi mavoti ongopeka pamaso pa nthumwi za opikisana. Ngati mamembala anu sangaimvetse njirayi, ndi bwino kugawa mipando ina potsata nthambi za maphunziro kapena zaka zomalizira kusiyana n'kuwakakamiza kawerengedwe komwe sakukakhulupirira.

Nthawi yokopa anthu

Wopikisana aliyense apatsidwe mwayi wofanana: chithunzi chimodzi, mbiri yaifupi ndi mfundo zake m'mawu osapitirira chiwerengero chomwe mwaika, zonse zitumizidwe ndi komiti kwa ovota pa tsiku limodzi. Konzani msonkhano umodzi, wa pamaso kapena wa pa intaneti, woti mamembala afunse mafunso. Omwe ali kale m'bodi asagwiritse ntchito ndalama, masamba a pa intaneti kapena mndandanda wa ma adiresi wa bungwe pokopa anthu, ndipo kupereka mphatso kapena ndalama kwa ovota kuletsedwe ndi chilango chotchulidwiratu.

Tsiku lovota

Voti ikhale yachinsinsi. Kuvota kwachinsinsi pa pepala losindikizidwa ndi oyendetsa chisankho kunayambira ku Australia mu 1856, ndipo chifukwa chake sichinasinthe: munthu asaope bwana wake, mphunzitsi wake wakale kapena mnzake wa m'kalasi. Kukweza manja m'holo sikoyenera pa chisankho cha bodi.

Popeza mamembala ali m'madera osiyanasiyana, kuvotera pa msonkhano waukulu pokha kumatsekera kunja ambiri. Ngakhale yunivesite ya Oxford, yomwe kale inkafuna kuti ovota afike okha pamalo posankha chansala (mtsogoleri waulemu wa yunivesite), mu 2024 inachititsa chisankho chimenecho pa intaneti, ndipo anapambana ndi William Hague. Mukasankha intaneti, gwiritsani ntchito pulogalamu yopangidwira zisankho, yomwe imapatsa wovota aliyense nambala yachinsinsi yogwira ntchito kamodzi kokha, imalekanitsa dzina la wovota ndi voti yake, ndipo salola ngakhale woiyendetsa kuona zotsatira kuvota kusanatsekedwe. Kuvota kwa m'magulu a WhatsApp sikoyenera konse, chifukwa aliyense m'gulumo amatha kuona yemwe mnzake wamuvotera. Yesezani pulogalamuyo ndi anthu ochepa sabata imodzi chisankho chisanayambe, ndipo wopikisana aliyense aone kalembedwe ka dzina lake n'kuvomereza, pakuti kuvota kukangoyamba, madzi akatayika saoleka. Perekani masiku 7 mpaka 14 ovotera, ndipo potchula ola lotsekera nenani kuti ndi nthawi ya dziko liti.

Kwa ovota pa positi, gwiritsani ntchito maenvulopu awiri: pepala lovotera lilowe mu envulopu yopanda dzina, iyo ilowe mu ina yomwe kunja kwake kuli dzina, nambala ndi siginecha ya wovota. Komiti imachonga dzinalo m'kaundula, n'kuponya envulopu yamkatiyo m'bokosi isanatsegulidwe. Mukaphatikiza njira ziwiri, tsekani kuvota kwa pa intaneti ndi kwa pa positi poyamba, chongani m'kaundula onse omwe avota, ndipo kaundula wochongedwayo ndi yemwe apite pa tebulo la ovota pamaso, kuti wina asavote kawiri.

Pamalo ovotera, bokosi lionetsedwe kwa nthumwi za opikisana lili lopanda kanthu, kenako litsekedwe ndi kumatidwa. Wovota aonetse chiphaso, dzina lake lichongedwe, alandire pepala lodindidwa kumbuyo, akachonge pamalo obisika, alipinde ndi kuliponya yekha m'bokosi.

Kuwerengera ndi kulengeza zotsatira

Werengerani pamalo pomwepo, nthawi yomweyo, nthumwi za opikisana zikuona. Musanafunyulule pepala lililonse, werengani mapepala onse omwe ali m'bokosi n'kufananiza ndi chiwerengero cha mayina ochongedwa m'kaundula, komanso ndi mapepala omwe atsala osagwiritsidwa ntchito. Ziwerengerozi zikasiyana, lembani kusiyanako ndipo onse asainire musanapitirire. Kenako funyululani pepala limodzilimodzi, mulikweze kuti onse alione, mutchule dzina mokweza, ndipo anthu awiri azilemba payekhapayekha kuti pamapeto afananize. Mapepala okayikitsa aikidwe pambali kuti mkulu woyendetsa chisankho agamule pamapeto potsata mfundo imodzi: ngati cholinga cha wovota chikuoneka bwino ndipo sanalembepo chomudziwikitsa, votiyo ndi yabwino, kaya wachonga kaya waika mtanda. Ngati kuvota kuli kochonga mayina osati kowasanja ndi manambala, yemwe wasankha mayina ochuluka kuposa mipando, voti yake yaonongeka.

Awiri akafanana mavoti, yambani mwawerengeranso. Akafananabe, tsatirani zomwe ndondomeko ikunena, kaya ndi chisankho chachibwereza kaya ndi maere. Zotsatira zilembedwe pa fomu yosainidwa ndi komiti ndi nthumwi, ndipo polengeza tchulani zonse: ovota olembedwa, omwe avota, mavoti oonongeka, ndi mavoti a wopikisana aliyense, osati a opambana okha. Kubisa mavoti a ogonja poganiza kuti mukuwasungira ulemu kumangobala mphekesera.

Madandaulo ndi kupatsirana ntchito

Perekani masiku 7 oti wosakhutira alembe dandaulo lake pamodzi ndi umboni. Dandaulo lokhudza komiti yoyendetsa chisankho lisamvedwe ndi komiti yomweyo, koma ndi kagulu kena ka anthu 3 komwe kanasankhidwa pachiyambi. Funso lofunika kuliyankha ndi lakuti: kodi cholakwikacho chikanatha kusintha yemwe wapambana? Ngati ayi, chilembedwe mu lipoti kuti chidzakonzedwe. Ngati inde, chisankho cha mpando wokhudzidwawo chibwerezedwe. Mapepala onse ovotera, kaundula wochongedwa ndi zosungidwa za mu kompyuta zikhale zomatidwa mpaka nthawi ya madandaulo itatha. Lipoti la komiti, lokhala ndi ziwerengero, mavuto omwe anaoneka ndi zofunika kusintha, liperekedwe ku msonkhano waukulu wotsatira.

Bodi yakale ipereke ntchito kwa yatsopano pasanathe masiku 30, pa msonkhano wokhala ndi mlembi. Zoperekedwa zilembedwe pa mndandanda womwe mbali zonse zisainire: mabuku a ndalama ndi malipoti a banki, ngongole zomwe bungwe lili nazo ndi zomwe ena ali nazo ku bungwe, mapangano omwe akadali m'kati, mabuku a zokambirana za misonkhano, buku la mamembala, chidindo, ndi manambala achinsinsi a imelo ndi masamba a pa intaneti, omwe asinthidwe tsiku lomwelo. Kalata yosintha osainira ku banki ilembedwe pa msonkhano womwewo, limodzi ndi kope la zotsatira za chisankho, chifukwa banki siilola osainira atsopano popanda umboni wotere. Bodi yatsopano idziwitsenso polemba akuluakulu a yunivesite komanso ofesi ya boma yomwe bungwe linalembetsako, ngati malamulo akufuna kutero, za mayina ndi maudindo a omwe asankhidwa.